Yankho kwa msuweni pa za mawaya a BSA ya amalume

Eee, msuweni, chithunzi chako cha njinga yamoto ya amalume ndachiona. Dikira ndichoke pano kuli phokoso... eya. Wafunsa kuti waya wakuda ukulendewera pafupi ndi batire uja ndi wa ethi, uja wolumikiza magetsi ku felemu, kapena ayi. Limenelo ndi funso la pakamwa chabe, ine ndimakudziwa iwe. Pakona pa chithunzicho ndaona kapaketi ka babu wa LED ndi kachaja ka foni. Ukufuna ukafike nayo ku chinkhoswe chija ikuwala ngati ya akabaza, anthu akuone. Ndikunama? Ndipo waya wofiira wamangidwa pa felemu uja ndaona kuti wayamba kale kuumasula, ukuganiza kuti nkhalamba inasokoneza. Usiye kaye pomwepo.

Njinga imeneyo, amalume, ndikuti bambo aakulu kwa iwe, anabwera nayo kuchokera ku Bulawayo pasitima. Nthawi imeneyo sitima inkazungulira ku Mozambique, kudzawoloka Zambezi pa Dona Ana mpaka kudzatsikira ku Limbe, malire a Rhodesia ndi Mozambique aja asanatsekedwe mu 1976. BSA Starfire, 250, ya 1968, yopangidwa ku Birmingham. Mayi amati atafika nayo kumudzi anaigoneka m'nyumba, agogo n'kumagona pakhonde... ayi, ndawonjeza, anali mlendo wina amene anagona pakhonde, koma agogo anaikamba mpaka kumwalira. Nkhani ya ng'ombe ija inayambira pomwepo, koma tisaiyambe muno, azakhali ali pa gulupu.

Ndiye chaka china akukonzekera kukaonekera kwa apongozi ku Ntcheu, anati njinga iyenera kunyezimira. Anagula penti wakuda wa zitseko, kupaka felemu yonse, mabawuti, timawaya, chilichonse chimene bulashi inafika. Anamasula ngakhale mawaya a pa felemu, kupaka pansi pake bwinobwino, penti atauma n'kubwezera. Munthu waukhondo, ukudziwa mmene ankasitira ngakhale mpango wa m'thumba. Pobwerera usiku, nyali yakutsogolo ikungoti phethiphethi. Akaliza hutala nyali ikuzima. Akaponda buleki, injini ikutsokomola. Anafika kunyumba ataluma tochi pakamwa, nsagwada zitauma, osatha kuyankha moni. Kutacha anati pali munthu waipondera njinga, ndipo dzina anatchula, iwe ukumudziwa. Anapita mpaka kokaombeza, nkhuku inapita. Amene anadzawathandiza ndi mnyamata wokonza mawailesi pamsika, anangotenga mpeni kupala penti pansi pa bawuti imodzi, nyali n'kubwerera. Amalume sanavomere mpaka kale, ankati mankhwala aja ndiwo anagwira mochedwa.

Chimene ndakuuzira zimenezi... aa, ndinali pati? Eya. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kudziona ngati katswiri wa magetsi. Waya ukaduka ankalumikiza ndi uliwonse wapezeka, wa wailesi, wa ayironi, wina ndinauona ndi maso anga unali wa nyali ya patebulo. Ndiye waya wakuda ukufunsawo, ine kuno sindingakuuze kuti ndi wa chiyani pongoona mtundu, ngakhale amene anaipanga atadzuka sangakuuze.

Tsopano tamvera, apa ndiye pali nkhani. Njinga imeneyo ethi yake ndi pulasi. Magetsi ake ndi a Lucas, ndipo njinga za ku Britain za zaka zimenezo pulasi ya batire ndi imene imapita ku felemu, moto n'kumayenda pa mayinasi. Triumph anadzasintha mu 1979, BSA anali atatseka kale. Ndiye wofiira ukumasulawo ali pamalo pake, ethi ndi ameneyo. Wochoka ku mayinasi kupita ku fyuzi amakhala wa bulauni wa mzere wa buluu. Woyera ndi wa moto ukatsegula kiyi. Ku nyali yakutsogolo, buluu wa mzere woyera ndi fulu, buluu wa mzere wofiira ndi dimu. Iwe unazolowera Honda, kumene ethi ndi wobiriwira ndipo wakuda ndi wa moto wa pa kiyi. Ku Yamaha ethi ndi wakuda, ku Suzuki wakuda wa mzere woyera. Aliyense zake. Ukatengera nzeru za Honda pa BSA n'kutembenuza batire, zener diode ija, kanthu kali pa chitsulo cha zipsepse kutsogoloko, imangotsegula njira yonse, shoti. Fyuzi ikakhala yeniyeni imapsa basi. Koma kayang'ane, chifukwa amalume fyuzi ankaikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Zikatero mawaya onse amasungunuka, rekitifaya, kaja kosintha magetsi a injini kuti achaje batire, n'kupita nawo.

Usanakhudze china, chotsa batire. Yang'ana koyilo, kaja kopereka moto ku pulagi: ngati mbali ya pulasi ikupita ku mapoyintsi, tizitsulo totseka n'kutseguka ta pa injini tija, ndipo ya mayinasi ikulandira waya wa pa kiyi, njinga ikadali mmene inabadwira. Ndikutero chifukwa inakhalapo kwa alamu aja zaka zingapo, mwina anaika kabokosi kamakono m'malo mwa rekitifaya n'kuitembenuza. Kenako bwereka mita yoyezera magetsi, ika pamene imalira ija. Mwendo umodzi pa chitsulo chopala cha felemu, wina pa waya wakudawo. Ikalira... ayi, dikira, yamba wachotsa mababu onse ndi waya wa pa koyilo ndipo kiyi akhale wotseka, chifukwa mita imadutsa m'kati mwa babu kapena koyilo n'kukunamiza kuti wapeza ethi. Mababu atachoka ikaliranso, ameneyo ndi ethi, kapena waya wosupuka umene ukukhudza chitsulo penapake, ndiye utsatire ndi zala mpaka kumene ukuthera. Uliwonse wauzindikira umatepo kapepala, ulembe. Pobwezera batire, pamalo pa fyuzi lumikiza babu wa 12 volts kaye: ukawala kwambiri zonse zili zozima, pali shoti, ndipo palibe chimene chapsa.

Chinanso, nyali yakutsogolo usaidalire kuti ipeza ethi kudzera m'khosi mwa njinga, mmene muli mabeya ndi girisi. Kokera waya wakewake kuchokera ku nyaliyo mpaka pa bawuti ya wofiira uja, wina kuchoka pa injini. Pala mpaka chitsulo chiwale, manga, kenako ndiye upake kagirisi pamwamba kuti dzimbiri lisabwerere.

LED wakoyo, ambiri a pamsika amayenda mbali imodzi yokha, anawapangira njinga za ethi ya mayinasi, pamenepo sayaka. Chaja chingatheke ngati chili cha pulasitiki cha mawaya awiri: wofiira wake ku felemu, wakuda wake ku moto, kafyuzi pakati. Chachitsulo chokhudza handulo ayi.

Ndiye ndibwereze, chifukwa iwe mavoisi umamvera uku ukudya. Pulasi ipita ku felemu, wofiira uja m'bwezere pamene unam'peza. Wakudayo usamulumikize kulikonse mpaka mita itanena. Wamva? Pulasi ku felemu, mitundu ya mawaya a amalume usaikhulupirire, yeza. Unditumizire chithunzi cha koyilo ndi cha fyuzi, chowala bwino, osati zamdima zako zija. Ndipo mita ukabwereke kwa achimwene ako, yanga sindibwereketsa, sipanala yanga ya 13 ija sunabwezebe.