Kodi anzanu a gofu ya Loweruka ndi akuba?

Bambo wina wa ku Thyolo, amene wangoyamba kumene gofu, wandilembera modandaula. Akuti anzake amene amasewera nawo Loweruka, mpira ukangoyandikira dzenje amauzana kuti "tolani", ndipo wina akamenya molakwika poyambira amabwereza osawerenga. Iye yekha ndiye amalemba kumenya kulikonse, n'kumathera kumchira, popeza pa gofu wopambana ndi amene wamenya kochepa. Akufunsa ngati kumeneku si kuba.

Achimwene, musafulumire kuwatcha akuba. Za "tolani" zija, zomwe amati gimme, malamulo amalola pa match play, pamene anthu awiri akulimbirana dzenje ndi dzenje. Mnzanu ali ndi ufulu wokupatsani. Koma pa stroke play, pamene amawerenga kumenya konse kwa gemu yonse, mpira uyenera kulowa ndithu. Kubwereza kuja, mulligan, m'malamulo a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira malamulo a gofu, mulibiretu.

Koma taganizani mu Januwale, mvula ya kuno kwathu itakhuthuka, udzu wam'mbali wafika m'mawondo, mpira wamira m'matope. Kuyambira 2019 muli ndi mphindi 3 zokha zousaka, pomwe kale zinali 5. Mukausowa mubwerere pomwe munamenyera ndi chilango cha kumenya kumodzi, uku gulu lakumbuyo laima chilili kukudikirani. Anthu amene agwira ntchito ku esiteti ya tiyi sabata yonse akagwetsa mpira wina pomwepo n'kupitirira, ine sindiwadzudzula. Chofunika n'chakuti mugwirizane musanayambe, nonse muyendere lamulo limodzi, makamaka ngati wogonja ndi amene agule zakumwa. Kwa inu chalakwika n'chimenechi: sanakuuzeni.

Pamene ndimakanitsitsa ndi pa handicap, nambala yosonyeza luso la wosewera. World Handicap System, yomwe inayamba mu 2020, imatenga magemu 8 abwino kwambiri mwa 20 omaliza. Khadi lodzaza ma gimme likalowa mmenemo, munthu amaoneka katswiri kuposa mmene alili. Tsiku la mpikisano mudzamuona: mpira uli mita imodzi kuchokera padzenje, manja akunjenjemera, chifukwa mipira yotereyi anazolowera kungoitola. Caddie wake, womunyamulira ndodo zosewerera, amadziwa zoona zake, kungoti sanena.

Inuyo pitirizani kulowetsa mpira uliwonse. Ngati anzanuwo akuti mukuwachedwetsa, apempheni muzisewera Stableford. Kumeneko mumawerenga mapointi, ndipo dzenje likakukanikani mpaka pointi yatha, mumatola mpira n'kupita lotsatira, malamulo akuvomereza.