Alamu, zovina pa TikTok zisiyeni kaye

Alamu, mwaswera bwanji? Funso lanu lija ndaliona m'gulumu, ndiye ndati ndingojambula mawu, kulemba nditopa nako. Mwati anthu akukuuzani kuti zosoka zanu muzitsatsa pa Facebook ndi TikTok, koma inuyo zoima pa kamera n'kumayankhula simungathe, ndiponso kucheza ndi anthu ambirimbiri kumakutopetsani. Ndaonanso amalume ayankha kuti muzingovina basi, anthu aziona. Amalume pepanitu, apa ndikutsutsani pang'ono, musandikwiyire.

Munthu wofuna diresi la chinkhoswe sakusaka gule ayi. Akufuna aone msoko, adziwe mtengo, adziwenso tsiku lodzatenga. Zonsezi mutha kumuonetsa nkhope yanu isakuoneka n'komwe. Tengani diresi, mulisite bwinobwino, mulipachike pa hang'ala pakhoma loyera lija la pakhonde panu, mujambule m'mawa dzuwa lisanakwere, kuwala kuzichokera kumbuyo kwanu. Zojambula usiku ndi babu ayi, mtundu wa chitenje umasintha, kasitomala akabwera n'kumati si chimene ndinaona. Mukatero yandikizani foni, mujambule mpendero, zipi, ndi mkati momwe mwamalizira. Pamenepo ndi pomwe inu mumaposa matelala ambiri, alamu, ndiye musabise. Vidiyo ikhale ya manja anu okha ali pa makina, nsalu ikuyenda, kulira kwa makinako kukumveka. Pakamwa panu patseke, palibe vuto.

Poyambira, eee, ine ndingati ikani WhatsApp Business. Ndi yaulere. Koma nambala imodzi singakhale pa WhatsApp wamba ndi pa Business nthawi imodzi, ndiye gulani SIM ina, ikhale ya geni yokhayokha, ya pabanja ikhale payokha. Mu WhatsApp Business muli catalogue, mumaika chithunzi, dzina la chovala ndi mtengo, munthu amadzionera yekha osakufunsani. Mulinso mayankho osungiratu. Mumalemba kamodzi kuti miyezo timatenga chonchi, dipoziti ndi theka, chovala chimatha masiku akuti, ndiye wina akafunsa mumangodina, yankho lapita. Mulinso uthenga wodziyankha wokha pomwe simukugwira ntchito. Muulembe kuti ndimayankha kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Wolemba 11 koloko usiku alandira uthengawo, inu muli mtulo. Ichi kwa munthu ngati inu ndi chachikulu, chifukwa chimene chimakutopetsani si kusoka, ndi foni kumangolira osapuma.

Ndipo mtengo muzilemba. Apa ndibwereze, muzilemba mtengo. Chizolowezi chimene chabwerachi chomati "inbox" munthu akafunsa mtengo chimayenera anthu okonda kunenerera, amene angacheze ndi anthu makumi awiri tsiku limodzi osatopa. Inu mukabisa mtengo mwadziitanira nokha macheza amene mukuwathawawo. Mukaulemba, wopanda ndalama amangodutsa, amene walemba ndiye kuti watsimikiza. Inde, mitengo ya nsalu ikusinthasintha masiku ano, mu Limbe lero mupeza china mawa china, ndiye lembani mtengo wa kusoka pawokha, nsalu kasitomala abwere nayo kapena mugwirizane padera.

Za status, anthu ambiri sadziwa kuti imaonedwa ndi okhawo amene mwasungirana manambala, inu yawo, iwo yanu. Ndiye aliyense wobwera kudzayezetsa, musanatsanzikane, ingonenani kuti sungani nambala yangayi muziona zatsopano. Mawu ochepa chabe amenewo, ndikhulupirira mungakwanitse, kikiki. Status imachoka pakatha maola 24, ndiye ziwiri kapena zitatu pa tsiku zakwana, osati mzere wautali woti munthu bandulo ithere pa inu. Palinso broadcast, imatenga anthu mpaka 256, aliyense amalandira ngati mwamulembera yekha, koma nayonso imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Zongoponya anthu m'gulu osawapempha ayi, amatuluka, ena mpaka kukublokani.

Dikirani kaye... iwe, tseka chitsekocho, ndikujambula mawu. Eya, pepani.

Facebook mutsegule page ya geni, osati kumaponya pa dzina lanu lenileni pomwe pali zithunzi za ana. Pali Meta Business Suite, imalola kukonzeratu zoponya n'kuziikira tsiku ndi nthawi. Lamulungu masana mukachoka kutchalitchi khalani pansi, konzani za sabata yonse, masiku enawo zizituluka zokha inu muli pa makina. Zolipira kuti positi ifike patali musayambe nazo, ndalamayo ndi bwino mugule ulusi ndi lining.

Koma muziwerenga nyengo. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, mayunifomu muyambe kuonetsa mu Ogasiti. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, aliyense amafuna kuwasokera mayi ake, ndipo anthu a mu Blantyre muno mukuwadziwa, amakumbuka kwatsala masiku atatu. Muwakumbutse ndinu, mwezi usanafike, n'kulemba tsiku lomaliza kulandira maoda. Maukwati a nyengo yotentha ndi Khrisimasi chimodzimodzi.

Nkhope ikafunika, ikhale ya makasitomala. Mayi wavala diresi lanu ku ukwati, watchena, mupempheni chithunzi, mumufunsenso ngati akulola kuti muponye. Akakana musaponye, kapena mudule kumutu. Akalola, anzake amufunsa okha kuti wakusokera ndani, ndipo mawu ake amagulitsa kuposa anu.

Chinanso, ndalama. Wina akati ndatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, musakhulupirire chithunzi chimene wakutumizirani, ngakhale meseji. Onani nokha balansi, *211# ku Airtel, *444# ku Mpamba, kenako muzidula nsalu. Akuba amakonda anthu ofatsa ngati inu, amadziwa kuti muchita manyazi kufunsa kawiri. Ndipo pa page musalembe malo enieni a nyumba, lembani kuti Chilomoni basi. Amene simukumudziwa mukumane naye poyera, kaya ku Chichiri kaya pa Ginnery Corner, kapena mutumize wa kabaza amene mumamudziwa, mtengo wa kabazayo mumuuziretu kasitomala.

Mawa m'mawa mujambule madiresi atatu monga ndanenera muja, munditumizire kumbali, osati m'gulumu, tisankhe limodzi loyamba kuika mu catalogue. SIM ija mukagule lero, musaiwale kunyamula chitupa cha unzika, salembetsa popanda chimenecho. Achimwene muwapatse moni.