Magazini sagula ulendo, amagula nkhani

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Ndimagwira ntchito ya muofesi, koma mtima wanga uli kumapiri. Loweruka lililonse ndimakhala ndili m'njira, chikwama kumsana. Anzanga amati ndimalemba bwino pa Facebook. Ndikufuna kusiya ntchito kuti ndiziyenda n'kumalembera magazini a zamaulendo ngati inuyo. Ndiyambire pati kuti magazini azindilipirira maulendo?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi mawu amene simuwakonda: ntchitoyo musasiye kaye. Sikuti ndikukayikira luso lanu ayi, kungoti funso lanu likuonetsa kuti ntchitoyi mukuionera pa zithunzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chaka chatha ndinawerengetsera masiku amene ndinagona kunja chifukwa cha nkhani, ndipo sanakwane miyezi iwiri. Masiku ena onsewo ndinali pampando, kulembera akonzi makalata, kusula ziganizo, ndi kukumbutsa anthu za ndalama zanga. Wolemba woima payekha ndi waganyu basi, kusiyana kwake n'kwakuti khasu lake ndi kompyuta. Ganyu ikatha, palibe amene amakusungira ina.

Tsono pa funso lenilenilo. Palibe mkonzi amene amalipira munthu kuti akayende. Amalipira nkhani, ndipo ulendo umangolowamo ngati nkhaniyo singalembedwe popanda kupitako. Mukalembera mkonzi kuti "Ndikupita ku Kilimanjaro mwezi wamawa, kodi mungafune nkhani?" dziwani kuti sakuyankhani. Phirilo ndi lalitali mamita 5,895, ndipo anthu masauzande amalikwera chaka chilichonse, ambiri a iwo atanyamula kamera. Kufika pamwamba si nkhani. Koma mutamuuza kuti madzi oundana a pamwamba pa phirilo achepa kuposa magawo 80 pa 100 alionse kuyambira 1912, ndipo inu mwapeza wotsogolera alendo amene wakhala akukwera phirilo kuyambira ali mnyamata ndipo akhoza kukulozerani ndi chala pamene madziwo ankafika kale, apo mkonzi aima kaye. Muli munthu, muli kusintha, muli funso. Kapena mutamuuza kuti mukufuna kuyenda limodzi ndi onyamula katundu, kugona kumene iwo amagona, n'kulemba za ulendowo monga amauonera iwo, osati monga amauonera mlendo amene amafika pamsasa n'kupeza tenti itakhomedwa kale.

Ngakhale akuluakulu a ntchitoyi amayendera lamulo lomweli. Mu 1996 magazini ya Outside, yomwe inayamba mu 1977 ku America, inatumiza wolemba nkhani Jon Krakauer ku phiri la Everest. Sanamutumize kuti akasirire chipale. Anapita ndi funso: chikuchitika n'chiyani pamene makampani ayamba kukweza anthu olipira ndalama paphiri lalitali kuposa onse padziko? Pa 10 ndi 11 May chimphepo chinawomba, anthu 8 anafa, ndipo nkhani yake inatuluka mu September chaka chomwecho. Anthu amakumbukira ngoziyo, koma ine ndimakumbukira kuti funso analinalo asananyamuke n'komwe.

Kalata yotsatsa nkhani, imene pantchito yathu timaitchula kuti pitch, ndiyo chida chanu chachikulu, kuposa nsapato zokwerera mapiri. Isatalike. Ndime yoyamba ilembedwe ngati mmene nkhaniyo idzayambire, kuti mkonzi alawe kalembedwe kanu. Kenako nenani amene mukalankhule nawo, chifukwa chake nkhaniyi ikuyenera kutuluka tsopano, ndi chifukwa chake woilemba akhale inu. Musanatumize, werengani makope angapo a magaziniyo mpaka mudziwe zigawo zake ndi kutalika kwa nkhani zake. Ambiri amalemphera pomwepa, amatsatsa nkhani yoti magaziniyo inatulutsa kale miyezi itatu yapitayo. Ndipo musayambire pa nkhani zikuluzikulu. Masamba oyambirira a magazini amakhala ndi tinkhani ta mawu 200 mpaka 500: njira yatsopano yatsegulidwa, lamulo la m'nkhalango ina lasintha, chida china chayesedwa. Pamenepo ndi pamene mkonzi amayesera munthu wosamudziwa, poti ukamukhumudwitsa sataya zambiri. Mukadzatumiza makalata khumi n'kuyankhidwa imodzi, musadzione ngati mwalodzedwa. Ndi mmene zimakhalira. Pakatha sabata ziwiri kuli zii, kumbutsani kamodzi mwaulemu, kenako pititsani ganizolo kwina.

Za ndalama ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yosiya ntchito ija. Magazini ambiri amalipira powerengera mawu. Ku America, dola imodzi pa liwu lililonse yakhala ikutchulidwa ngati malipiro abwino kwa zaka makumi angapo, pomwe mitengo ya zinthu yakhala ikukwera, ndipo masamba ambiri a pa intaneti amalipira zochepera pamenepo. Msika nawonso wafota. Magazini angapo a m'ndege anasiya kusindikizidwa mliri wa Covid-19 utabwera mu 2020. Magazini ya National Geographic, yomwe inayamba mu 1888, inachotsa ntchito olemba ake omaliza olembedwa ntchito mu 2023, n'kuyamba kudalira kwambiri oima paokha. Ena anaona ngati khomo latitsegukira. Ine ndinaona kuti akatswiri aja tsopano abwera kudzaima nafe pamzere umodzi womwewo.

Vuto lina ndi nthawi. Magazini yotuluka mwezi ndi mwezi imakonzedwa miyezi ingapo isanatuluke, choncho nkhani ya nyengo yozizira mumaitsatsa kukutentha. Ndiye muonetsetse chimene mgwirizano ukunena: kodi adzakulipirani akailandira nkhaniyo, kapena ikadzatuluka? Kusiyana kwake kukhoza kukhala theka la chaka. Ine zinandionekera. Magazini ina inandituma kukalemba za ulendo wa pabwato wa masiku asanu, ndinalipira ndekha zoyendera poganiza kuti andibwezera, ndinapereka nkhani pa nthawi yake. Kenako mkonzi amene anandituma anachoka, wolowa m'malo mwake sanaifune. Ndinalandira kachigawo kamene amati kill fee, ndalama yopepesera nkhani ikakanidwa, yomwe kawirikawiri imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro onse. Zoyendera zija sizinalembedwe paliponse, ndiye zinapita ndi madzi a mumtsinje womwewo. Kuyambira pamenepo sindinyamuka popanda mawu olembedwa onena amene alipire chiyani. Muonenso za umwini wa nkhani. Ena amagula ufulu woitulutsa koyamba basi, ndipo pambuyo pake mukhoza kuigulitsanso kwina. Ena amagula zonse mpaka kalekale, moti simungaiike ngakhale m'buku lanu.

N'chifukwa chake olemba ambiri amene ndimawadziwa ali ndi pena podalira. Wina amalembera makampani a zida zoyendera, wina amatsogolera alendo, wina amakonza zolemba za anzake. Ndipo ulendo umodzi saudyera kamodzi: nkhani yaikulu kwa mmodzi, kankhani ka malangizo kwa wina, zithunzi kwa wachitatu.

Mwina mukuti, nanga maulendo aulere aja? Alipodi. Mahotela ndi mabungwe okopa alendo amaitana olemba, n'kuwalipirira ndege, malo ogona ndi zonse. Koma wakudyetsa amayembekezera kuti umuyamikire, ndipo si mkonzi aliyense amene amalola zimenezo. Nyuzipepala ya The New York Times imadziwika ndi lamulo lokana nkhani zamaulendo zochokera ku maulendo olipiridwa chotere. Ena amalola bola muulule. Ine maganizo anga ndi akuti vuto lalikulu la maulendowa si chinyengo chokha, koma kuti mumakhala olemba khumi m'basi imodzi, kuona zofanana, kumva mawu omwewo kwa munthu yemweyo. Mubwerako ndi chiyani choti mnzanu alibe?

Kunjako ntchito ndi ina. Anzanu akafika pamsasa amavula nsapato n'kugona, inu ndiye mumayamba ntchito. Ndimakumbukira usiku wina m'tenti, pamwamba ndithu, tochi ili pamphumi, zala zitauma gwa. Bolopeni inakana kulemba chifukwa cha kuzizira, batire la foni linali litafa dzuwa lisanalowe. Chinandipulumutsa ndi kapensulo kakafupi kamene kanali pansi pa thumba. Ndinalemba mawu enieni amene wotitsogolera ananena pamene anatibweza tisanafike pamwamba, mtundu wa chingwe chimene anamangira nsapato yake yong'ambika, ndi phokoso la tenti ikamakupizidwa ndi mphepo. Patatha milungu isanu ndili pampando, chingwe chija ndicho chinatsegula nkhani yonse. Mukati mudzakumbukira, mukudzinamiza. Mutu umasunga zoti "kunali kokongola", ndipo mawu amenewo mkonzi amawafufuta. Lembaninso mayina a anthu molondola, awerengereni kuti avomereze, ndipo tengani njira yowapezera, chifukwa magazini akuluakulu ali ndi munthu amene ntchito yake ndi kutsimikiza chilichonse chimene mwalemba, mpaka kutalika kwa phiri.

Inshuwalansi musaiiwale. Yapaulendo wamba nthawi zambiri siikhudza kukwera mapiri ataliatali kapena kupalasa bwato m'mathithi, ndipo matenda obwera chifukwa chokwera pamwamba akhoza kuyamba munthu akangopitirira mamita 2,500. Waganyu akathyoka mwendo palibe ofesi imene imamulipira ali chigonere.

Ndiye pa inuyo, achemwali, ntchito ya muofesiyo ndi imene ikulipirireni maulendo oyambirira, ndipo Loweruka lanu lija ndi chuma chimene olemba ambiri alibe, poti njira zimenezo mumazidziwa ndi mapazi. Sankhani magazini atatu, muwawerenge mwezi wathunthu. Pa njira imene mumaidziwa bwino kuposa zonse, pezanipo munthu mmodzi kapena kusintha kumodzi kumene wodutsa kamodzi sangakuone. Lembani pitch ya ndime zitatu. Musanaitumize kwa mkonzi, nditumizireni ine kaye pa imelo yomwe ija ndiione, koma mundipirire ndikachedwa kuyankha, chifukwa sabata ino ndikulondola malipiro a nkhani imene inatuluka miyezi inayi yapitayo.