Zimene mukuseka m'filimuyi ine zinandichitikira pa Kasungu pano

Achemwali, mwafunsa m'gulu muno ngati mupirire naye mnyamata wanu wa zisudzo, ndipo ambiri akukuyankhani ndi filimu ya mtsikana wa geni amene akupirira ndi chibwenzi chake cha zisudzo chopanda ndalama. Filimuyi ndinaionera pa foni Lamlungu usiku, ndipo m'malo ambiri amene anzathu m'gulu muno akuti anaseka mpaka nthiti kuwawa, ine ndinangoti chete. Anyamata amene anaipanga ndi ndalama za m'matumba mwawo anagwira ntchito yotamandika, mawu akumveka bwino ndipo mtsikanayo akusewera ngati sakuona kamera. Koma amene akukuuzani kuti mupirire naye mnyamata wanu wa zisudzoyo chifukwa mtsikana wa m'filimu anapirira ndipo zinamuyendera, pamodzi ndi amene akulemba kuti mnyamata wa m'filimuyo ndi mlesi woopa khasu, onsewo ndikukayika ngati anagonapo ndi njala chifukwa cha sewero. Pamene eni nyumba akuzula chitseko chifukwa cha lendi, mnyamatayo n'kupachika chitenje cha chibwenzi chake pakhomo, ndinaimitsa kaye filimuyo chifukwa mtima unali kundigunda.

Ine zisudzo ndinaziyamba ku sekondale pa mipikisano ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ndipo ndinakula ndikumvera Izeki ndi Jakobo pa wailesi, ndikumvanso kwa aphunzitsi athu mbiri ya Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata. Filimu ya mbiri ya William Kamkwamba itatuluka pa Netflix mu 2019, ife a ku Kasungu tinaona Wimbe wathu yemweyu akuonedwa ndi dziko lonse, ndipo tonse amene tinali m'magulu a zisudzo tinakhulupirira kuti nthawi yathu yakwana. M'nyengo imeneyo ndi pamene kunabwera bambo wina wochokera ku Lilongwe, ali ndi kamera imodzi ndi mawu okoma, nanena kuti akufuna nkhope za kumudzi zimene anthu sanazizolowere. Anandipatsa gawo lalikulu. Za malipiro anati tidzagawana ndalama za pakhomo tsiku loonetsa filimuyo koyamba, kenaka zina zidzachokera ku ma TV. Pepala lililonse sitinasaine, ndipo nditafunsa anandiyankha kuti pakati pa abale palibe za mapepala.

Tinajambula miyezi itatu, ku Santhe ndi pa boma, nthawi yomwe bambo anga ankasankha fodya ndi kumanga mabelo opita ku Chinkhoma. Ntchito yonseyo ndinawasiyira okha ndi mng'ono wanga. Thiransipoti ndinkalipira ndekha, zovala zosewerera zinali zanga, ndipo masiku ena tinkaweruka titangodya chinangwa ndi madzi.

Tsiku loonetsa filimuyo ndi limene sindidzaliiwala. Bamboyo anati popeza ine ndine mwana wa pano, holo, jenereta ndi zokuzira mawu ndikabwereke m'dzina langa, iye adzalipira zonse anthu akatuluka. Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinaitana makolo anga, ndinaitananso chibwenzi changa, amene ankagulitsa kaunjika mumsika, ndipo iye anabwera ndi amalume ake, omwe tinali titawauza kale za chinkhoswe chathu. Holo inadzaza mpaka ena anakhala m'mawindo. Anthu anaseka, anaomba m'manja, ndipo nkhope yanga itaoneka pa nsalu yoyera ija mayi anga anaimirira n'kululutira. Magetsi atayaka ndinapita kukhomo kukafuna bamboyo, koma mnyamata wodula matikiti anandiuza kuti anatenga chikwama cha ndalama filimu ili pakati, akuti akukagula mafuta a jenereta. Ndinaimba foni yake kasanu ndi kawiri, ulendo wachisanu ndi chitatu inali yozimitsa. Mwini zokuzira mawu anandigwira malaya pakhosi pamaso pa anthu omwe aja amene amandiombera m'manja, batani linathothoka n'kugwera pansi, ndipo ana ankanditchula dzina la m'filimu akuseka poganiza kuti sewero likupitirira. Woyang'anira holo anatseka geti nanena kuti sindituluka. Amalume aja anaima chapatali atapinda manja, osalankhula kanthu. Kenaka ndinaona chibwenzi changa akumasula kansalu kamene ankamangira m'chiuno, akuwerenga ndalama zimene anasunga kuti akaodere belo la zovala mawa lake, zina mwa izo anali atakongola ku banki m'khonde. Anawerenga pansi pa babu la pakhonde, manja akunjenjemera, ndipo atamaliza sanandiyang'ane kumaso. Tinayenda wapansi mpaka kwawo, amalume patsogolo, ife pambuyo, popanda wotsegula pakamwa.

Bambo ameneyo ndikamukumbukira mpaka lero chakudya chimandikanika. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti ndife ana osauka amene tinali ndi ludzu loti tioneke, ndipo ludzu limenelo ndi limene anadyerapo. Patapita masabata ochepa filimu ija inali ponseponse m'malo okopera nyimbo ndi mafilimu, anthu akuiika m'mamemori khadi pa mtengo wa mandasi, ndipo m'mavidiyo a pa Chatoloma ndi pa Mtunthama ankaionetsa madzulo aliwonse. Anyamata a kabaza ankandiimitsa pamsewu n'kumati bwana tagwani nayoni, poganiza kuti ndalemera, pamene ine ndinali kugulitsa njinga yanga kuti ndibweze ngongole ya mtsikana uja. Munthu wodyera thukuta la ana a eni chotere, n'kumakajambulitsa zithunzi pa Facebook akudzitcha wotukula luso la achinyamata, ndi wakuba woposa wothyola nyumba, chifukwa wothyola nyumba sakutchula m'bale wake. Chinkhoswe chinaimitsidwa, ndipo mtsikanayo anapirira nane miyezi ina isanu ndi umodzi asanandiuze mwaulemu kuti watopa. Sindinamuimbepo mlandu ngakhale tsiku limodzi.

N'chifukwa chake ndikunena kuti filimu imene tikukambiranayi yanena zoona pa masautso, koma kumapeto yatinyengerera. Foni ija imene ikulira mnyamatayo atataya mtima, yomuitanira ku gawo lalikulu, kwa ambiri a ife siilira. Chinanso chimene olemba ake anachidumpha, ndipo palibe wachitchula m'mayankho onsewa, ndi funso lakuti ndalama zimene mtsikanayo akumupatsa mnyamatayo pafupifupi m'chigawo chilichonse zikuchokera kuti, nanga iye akutsala ndi chiyani. Tikumuona akumwetulira basi, ngati kuti geni yake ili ndi chitsime. Ena mwatchula a Michael Usi, kuti anayamba ngati Manganya wa mu Tikuferanji mpaka anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Zimenezo ndi zoona, koma iwo anali ndi maphunziro ndiponso ntchito ina pambali pa zisudzo, ndipo si chilungamo kuyezera mnyamata wa pa Nkhamenya ndi muyezo umenewo.

Tsono achemwali, ngati mnyamata wanuyo ali ndi luso lenileni, musamuuze kuti asiye, chifukwa ine ndinasiya ndipo mpaka lero ndikamva gulu la achinyamata likuyeserera sewero kuseri kwa tchalitchi miyendo imaima yokha. Munthu womuletsa chimene anabadwira amasanduka wowawa mtima m'nyumba. Koma ndalama ya geni yanu isalowe m'zisudzo zake ngakhale tambala imodzi, ngakhale atagwada, ngakhale atamutsekera m'holo monga ananditsekera ine. Ndikudziwa kuti chikhala kuti mtsikana uja anatsatira malangizo amenewa ndikanagona ku polisi usiku umenewo, komabe ndikubwereza kuti musatero. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, choncho asayambe kujambula asanalandire theka la malipiro ake m'manja kapena pa Mpamba kaya Airtel Money, ndipo china chilichonse chobwereka chilembedwe m'dzina la mwini filimu. Asaine pepala pamaso pa mboni ziwiri, ngakhale kuti munthu ngati uja pepala silikanamuletsa kuthawa. Afunsenso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, za ufulu wake monga wosewera, popeza dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso, ndipo adziwane ndi a bungwe la opanga mafilimu la Film Association of Malawi kuti amve kwa anzake kuti wojambula wokhulupirika ndi uti.

Ndipo musanapite kwa ankhoswe, muonereninso filimuyi awiriwiri, pamene chitseko chikuzulidwa paja muimitse, mumufunse kuti lendi ya mwezi wa mawa adzalipira ndi chiyani ngati foni ija siilira. Akakuyankhani za munda, za kabaza kapena za ganyu iliyonse, mudikireni. Akayamba kukuuzani za bwana wina wa ku Lilongwe amene wamulonjeza gawo, mundilembere kumbali ndilankhule naye ndekha.