Kugawa makasitomala a banki m'magulu: yankho kwa mayi wa ku Ulongwe

Mlungu wathawu ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito pa nthambi ya banki ina ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique. Funso lawo, mwachidule, linali lotere: "Akuluakulu athu akufuna kuti tigawe makasitomala m'magulu pogwiritsa ntchito njira yotchedwa cluster analysis, kuti tidziwe oyenera kuwauza za ngongole ndi oyenera kuwauza za akaunti yosungira ndalama. Ndinaika mu kompyuta mndandanda wa miyezi itatu yapitayi, ndipo inanditulutsira magulu anayi, koma ndikawayang'ana ndikungoona olemera, apakatikati, osauka ndi osaukitsitsa. Ndalakwitsa pati, nanga ndingadziwe bwanji kuti maguluwo akhale angati?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Kompyuta sinalakwitse kanthu, yangochita zimene munaipatsa, ndipo vuto lagona pa zinthu ziwiri: muyeso umene munagwiritsa ntchito ndi kufupika kwa nthawi imene munasankha. Koma ndiyambe ndafotokoza zimene zimachitika m'kati mwa pulogalamuyo, chifukwa mukazimvetsa zimenezi zinazo zidziyankha zokha.

Ndikuganiza kuti munagwiritsa ntchito k-means, popeza ndiyo njira yofala kwambiri pa ntchito yotereyi. Stuart Lloyd anaikonza mu 1957 akugwira ntchito ku Bell Labs ku America, ndipo dzina lakuti k-means analitchula ndi James MacQueen mu 1967. Yerekezani kuti kasitomala aliyense waima pabwalo lalikulu, ndipo malo amene waimawo akutengera manambala ake, moti anthu a manambala ofanana aima moyandikana. Inu mumanena kuti mukufuna magulu anayi, kompyuta n'kukhoma zikhomo zinayi pabwalopo mwachisawawa. Munthu aliyense amawerengedwa m'gulu la chikhomo chimene ali nacho pafupi, kenaka chikhomo chilichonse chimazulidwa n'kukhomedwanso pakati penipeni pa anthu ake, ndipo popeza zikhomo zasuntha, anthu ena amapezeka kuti tsopano ayandikira chikhomo china. Zimenezi zimabwerezedwa mpaka pasapezeke wosinthanso gulu. Chofunika kuchigwiritsitsa n'chakuti njirayi siikana: mukaipempha magulu anayi ikupatsani anayi, mukaipempha khumi ikupatsani khumi, ngakhale anthuwo atakhala kuti sakusiyana kwenikweni.

Tsopano onani chifukwa chake munangopeza olemera ndi osauka. Kompyuta imayesa kutalikirana kwa anthu awiri potenga kusiyana kwa manambala awo, kuchulukitsa kusiyana kulikonse ndi iko komwe, n'kuphatikiza zonse pamodzi. Tinene kuti makasitomala awiri akusiyana ndi 40,000 meticais pa ndalama zotsala mu akaunti, ndipo mmodzi amagwiritsa ntchito akaunti yake kawiri pamwezi pamene winayo amaigwiritsa ntchito ka 32. Kusiyana koyambako kukachulukitsidwa kumakhala 1,600,000,000, pamene kwachiwiriko kumangokhala 900. Nambala yaing'onoyo imamira ngati mchere wodzaza dzanja m'mtsinje wa Zambezi, chonsecho ndiyo imene ikukuuzani kuti mmodzi ndi wamalonda ndipo winayo ndi wolandira malipiro a pamwezi. Mankhwala ake ndi kuika mizati yonse (mizere yotsika ya manambala pa mndandanda wanu) pa muyeso umodzi musanayambe kugawa: pa nambala iliyonse chotsani avareji ya mzati wake, n'kugawa zotsalazo ndi standard deviation ya mzatiwo, nambala yosonyeza mmene manambala a mu mzatiwo atalikirana ndi avareji yawo. Pa mizati ya ndalama yambani mwatenga logarithm (masamu ochepetsa mpata wa pakati pa manambala aakulu kwambiri ndi aang'ono), chifukwa m'nthambi iliyonse mumapezeka anthu awiri kapena atatu, monga kontilakitala wotumiza katundu ku migodi ya malasha ya ku Moatize, amene ndalama zawo zimaposa za anthu mazana pamodzi, ndipo mukawasiya momwemo amakokera chikhomo chathunthu kwa iwo okha.

Nkhani ya miyezi itatu ndiyo yandidetsa nkhawa kuposa, ndipo mundilole ndichedwepo. Mabuku ambiri ophunzitsa njirayi analembedwa poganizira makasitomala amene ndalama zawo zimalowa mwezi ndi mwezi, koma kwathu kuno ndalama zimayenda ndi nyengo. Taganizani za mphunzitsi amene, mwachitsanzo chabe, amalandira 15,000 meticais mwezi uliwonse, ndi mlimi wa fodya wa ku Macanga amene amalandira 180,000 meticais m'magawo awiri kapena atatu msika ukatsegulidwa. Pachaka onsewa alandira ndalama zofanana ndendende. Mukatenga miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye, mlimiyo aoneka ngati mpondamatiki, ndipo mukatenga Januwale, Febuluwale ndi Malichi, nthawi imene ndalama zinathera ku feteleza ndi aganyu ndipo m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi, aoneka ngati munthu amene anaiwala kuti ali ndi akaunti. Ndi munthu mmodzi yemweyo, koma kompyuta imuika m'magulu awiri osiyana malinga ndi mwezi umene inu munatsegula mabuku. Choncho musatenge nthawi yochepera miyezi 12, ndipo ngati n'kotheka tengani 24, kuti chaka chimodzi cha mvula yovuta chisakunamizeni.

Ngakhale mutatenga chaka chathunthu, avareji yokha idzaikabe mphunzitsi ndi mlimi uja pa chikhomo chimodzi. Apa m'pamene luso lanu la munthu wodziwa dera limafunika kuposa pulogalamu iliyonse, chifukwa muyenera kupanga mizati yatsopano yofotokoza kayendedwe ka ndalama, osati kuchuluka kwake kokha. Werengerani kuti ndi miyezi ingati pachaka imene mu akaunti mumalowa ndalama, kuti ndi gawo lanji la ndalama za chaka limene limalowa m'miyezi itatu yokwera kwambiri, ndi kuti pamapita masiku angati ndalama zikalowa kuti zitapidwe zonse. Onjezani kuchuluka kwa maulendo oika ndi otapa, komanso ngati munthuyo amabwera yekha pakauntala, amapita pa ATM, kapena amasamutsira ndalama ku maakaunti a pa foni a M-Pesa ndi e-Mola. Mukatero muona mayi wogula mbatatesi ku Tsangano n'kukagulitsa mumzinda wa Tete akupatukana ndi enawo, popeza iye amaika ndi kutapa ndalama zochepazochepa kangapo pamlungu, ndipo chimene akusowa si chimene mlimi wa fodya akusowa. Mlimiyo angapindule ndi akaunti yomusungira gawo la ndalama za msika mpaka Okutobala, nthawi yogula zipangizo zaulimi, pamene mayi wa mbatatesi akufuna mpamba wobweza msanga.

Za zaka, ntchito, boma lochokera ndi zakuti ndi mwamuna kapena mkazi, malangizo anga ndi akuti musaziike pogawa. Gawani potengera kayendedwe ka ndalama, ndipo mukamaliza ndi pamene muyang'ane kuti m'gulu lililonse muli anthu otani. Chifukwa chimodzi n'cha masamu, popeza k-means imafuna manambala oyezeka, ndipo mukalemba kuti Angónia ndi 1, Tsangano ndi 2, Chifunde ndi 3, kompyuta ikhulupirira kuti pali mtunda weniweni pakati pa manambalawo. Zilipo njira zosakanizira manambala oyezeka ndi zinthu zosayezeka zoterezi, monga k-prototypes kapena muyeso wa Gower wa mu 1971, koma simunafike pozifuna.

Pa funso lanu lachiwiri, palibe nambala imodzi yolondola. Anthu amayesa kuyambira magulu awiri mpaka asanu ndi atatu kapena khumi, n'kujambula mmene kutalikirana kwa anthu ndi zikhomo zawo kukutsikira, ndipo pamene mzerewo wapindika ngati chigongono amati ndi pomwepo. Kawirikawiri chigongonocho sichioneka bwino, choncho onjezani muyeso wa silhouette, umene Peter Rousseeuw anaufalitsa mu 1987. Muyesowu umayenda kuchokera pa -1 kufika pa 1, ndipo umasonyeza ngati munthu ali pafupi ndi anzake a m'gulu lake kuposa a gulu loyandikana nalo. Komabe ine ndimakhulupirira kwambiri mayeso ena awiri osafuna masamu ozama. Gawani mndandanda wanu pawiri mwachisawawa n'kuona ngati mbali zonse zikutulutsa magulu ofanana, ndipo popeza zikhomo zoyamba zimakhomedwa mwamwayi, uzani pulogalamuyo iyambe mwatsopano kambirimbiri. Mukatero tengani makasitomala khumi m'gulu lililonse, mukhale pansi ndi mnzanu amene wakhalitsa pakauntala, mumufunse ngati akuwazindikira kuti ndi anthu a mtundu umodzi. Gulu limene iye sangalitchule dzina m'mawu ochepa, kapena limene nthambi yanu ilibe choti ilichitire mosiyana ndi ena, liphatikizeni ndi loyandikana nalo.

Pali chinthu chinanso chimene mabuku a banki sangakuonetseni, ndipo kudera la m'malire ngati kwanuko si chaching'ono. Wamalonda woolokera ku Dedza kudzera pa Calomue, kapena ku Mwanza kudzera pa Zóbuè, amayenda ndi makwacha m'thumba amene safika n'komwe mu akaunti ya meticais, ndipo amayi ambiri ndalama zawo zenizeni zili m'chipereganyu kapena pa foni. Gulu la akaunti zogona lidzakhala lalikulu, mwina lalikulu kuposa onse, koma musathamangire kulitcha la osauka, chifukwa chimene manambala akunena n'chakuti anthuwo sakudutsa pa banki yanu. N'chifukwa chakenso ndikukupemphani kuti muwauze akuluakulu anu momveka kuti maguluwa ndi othandiza posankha chimene mungamuuze kasitomala, osati pomumana ngongole. Kuyenera kwa munthu kulandira ngongole kumaunikidwa payekhapayekha ndi njira zina zoyang'ana mbiri yake ya kabwezedwe.

Pa zipangizo musawononge ndalama, popeza mapulogalamu a kompyuta a R ndi Python ndi aulere ndipo onse ali ndi k-means, pamene Excel ikukwanirani pokonza mizati. Musanatulutse mndandanda m'makina a banki, chotsani mayina, manambala a foni ndi manambala a akaunti, muike nambala yongopeka pa munthu aliyense, ndipo mupeze chilolezo cha amene amayang'anira chinsinsi cha makasitomala pa ntchito panu. Mukayesanso ndi miyezi 12 mundilembere, mundiuze mizati imene mwasankha ndi kukula kwa gulu lililonse, koma mndandanda weniweniwo musanditumizire.