Kwa aphunzitsi a masewera a ku Ulongwe, pa za atsikana okana kudya

Aphunzitsi, mwafunsa ngati sikelo ingakuuzeni kuti atsikana anu othamanga akudzimana chakudya dala poopa kunenepa. Payokha singathe. Mwana amene amadzisanzitsa akatha kudya nthawi zambiri amaoneka wa thupi labwinobwino. Komanso malire a 18.5 pa BMI (muyezo wa kulemera kwa munthu poyerekeza ndi kutalika kwake), amene wosafikapo amati ndi woonda, ndi a akuluakulu. A zaka 5 mpaka 19 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lili ndi matchati awo otsata zaka za mwana.

Mafunso oyezera vuto la kadyedwe alipo. SCOFF, ya mu 1999, ili ndi mafunso 5 okha, ndipo "inde" awiri akutanthauza kuti mufufuze. EAT-26, ya mu 1982, ili ndi 26, ndipo wofika pa mapointi 20 ayenera kuonedwa ndi achipatala. Zonsezi n'zongosefera, sizigamula kuti munthu akudwala.

Pamene ine ndimakayikira ndi apa: anazilembera anthu a kumene chakudya chili mbwee. SCOFF imafunsa ngati watsika makilo oposa 6 m'miyezi 3. Kafunseni zimenezo ku Angonia kuno mu February, nkhokwe zili mbee, kapena kwa mwana wogonera pasukulu amene wangodzuka ku malungo. Ayankha inde, pomwe vuto lake ndi lina. Choncho yankho lililonse lizitsatidwa ndi "chifukwa chiyani?" Wanjala nsima ikafika sacheuka. Wodzimana dala amangotsina kambamu kamodzi, ndiwo n'kukankhira mnzake, amvekere "ndadya kale", kapena akangosamba m'manja ulendo wa kuchimbudzi.

Musaiwalenso kuti kwathu kuno ambiri amaopa kuonda, poti anthu sachedwa kunong'onezana za matenda. Alipo atsikana ogula mapiritsi onenepetsa pamsika, ndi anyamata onyamula zitsulo mpaka kudzipweteka pofuna chifuwa. Mapepala ajawa sagwira zimenezi, muwonjezere mafunso anu.

Kwa othamanga, komiti ya Olimpiki mu 2014 inatchula vutoli kuti RED-S: thupi likugwira ntchito yoposa chakudya cholowa. Zizindikiro zake ndi kutopa kosatha, mafupa a m'miyendo kupweteka pafupipafupi, ndi mtsikana kudumpha kumwezi miyezi 3 alibe pakati. Funso la kumwezili musafunse ndinu. Lisiyireni mphunzitsi wamkazi, ali awiriwiri. Ndipo chonde, musamawakweze pasikelo anzawo akuonerera. Amene wakukayikitsani, kambiranani ndi makolo ake, apite naye kuchipatala akamuyezenso magazi, malungo ndi njoka za m'mimba.