Achimwene, M5 musaikakamize pa BSA yakaleyo

Mwati mfuti ya mpweya ya BSA imene anakusiyirani agogo, sikuluwu yogwira thabwa ikungozungulira osamanga, inayo mutu wake unaperepeseka, ndipo ku hadiweya akuti ingoikanipo ya M5, sikuluwu ya saizi ya mamilimita 5. Chonde dikirani kaye.

BSA ndi Webley zinkapangidwa ku Birmingham, ndipo zakalezo mazinga a masikuluwu ake si a mamilimita ngati Diana kapena Weihrauch za ku Germany ayi, ambiri ndi a BA kapena BSF, miyezo yakale ya mazinga ya ku Britain. Tsono 2BA, imodzi mwa masaizi a BA, ndi M5 zimafanana koopsa, 2BA kunenepa kwake ndi 4.7mm mazinga kutalikirana 0.81mm, pomwe M5 ndi 5mm ndi 0.8mm, ndiye M5-yo imayamba kulowa kenako n'kulimba, munthu n'kumati yagwira, n'kuwonjezera mphamvu, pamenepo ndi pomwe amadya mazinga otsalawo. Kapendekedwe ka mazinga nakonso n'kosiyana, BA ndi madigiri 47.5 pomwe ya mamilimita ndi 60. Tengani sikuluwu yakaleyo mupite nayo kwa anthu a lathe, makina osulira zitsulo, akaiyeze ndi geji ya mazinga, musayeze ndi maso.

Mukadziwa saizi, tsukani bowolo ndi palafini ndi kabulashi, nthawi zambiri mumakhala dzimbiri ndi gilizi youma basi, mazinga akadali momwemo. Ngati angopindika pang'ono, dutsitsanimo tapu, kachida kodulira mazinga m'bowo, ya saizi yomweyo ndi dontho la oyilo, pang'onopang'ono, mukapotoza kamodzi muzibwerera m'mbuyo pang'ono. Koma akakhala kuti anatheratu, M5 siithandizanso chifukwa imafuna bowo la 4.2mm pomwe lanulo lakula kale kupitirira pamenepo. Apo ine ndimakonda Helicoil, kawaya kozungulira kaja kolowetsa m'bowo, chifukwa mfuti imabwerera pa sikuluwu ya saizi yake. M6 ikutheka, bowo lake ndi 5mm, koma pokhapokha chitsulo chili chokhuthala pamenepo. Ndipo muyeze kutalika kwa sikuluwu yatsopanoyo, ikatalika imatha kutulukira mkati n'kukanda zoyenda.

Ya mutu woperepeseka ija musaitaye, masikuluwu a BA ndi ovuta kupeza. Ithireni WD-40 igone usiku wonse, mutenge sikuludiraiva yodzaza mpata wonse, ngati palibe sulani ina ndi tupa mpaka ikwane ndendende, gogodani pang'ono ndi hamala muli chikanikizireni pansi kenako potozani. Ikatuluka, ikhazikeni pa vayisi pakati pa timatabwa, timilomo tija tinatukuka mutibwezere ndi kahamala kakang'ono, mpatawo muukonze ndi tupa yopyapyala. Zowotcha ndi moto ndimakaniza ngati mfuti sinamasulidwe, sipuling'i imafooka ndipo chikopa cha pisitoni chimapsa.

Chinthu china chofunika kwambiri: onetsetsani kuti mulibe peleti ndipo mfuti siyokoka musanaigwire. Sikuluwu kapena pini yakumbuyo yogwira sipuling'i musaikhudze opanda chopanira sipuling'i, sipuling'i ija imakhala yofinyika ngakhale mfuti ili chikhalire, ikafwamphuka imathyola chala kapena kuboola diso.

Pomanga, ikani kadontho ka guluu wa masikuluwu, Loctite ya buluu, 243, chifukwa mfuti za sipuling'i zimagwedeza masikuluwu mpaka kumasuka okha. Yofiira ija ayi, simudzamasulanso opanda moto. Tajambulani sikuluwuyo pafupi ndi lula ndi nambala ya pa mfutiyo mutumize muno tione kuti ndi ya mtundu wanji.